Makiyi a Msonkhano wa pa Intaneti: Zoyenera Kudziwa Makomiti a kwa Kapichi

Pa 2 April 2020 boma lidalengeza kuti matenda a Covid-19 apezeka m'dziko muno. Masabata awiri m'mbuyo mwake linali litalengeza kale kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zidatsekedwa ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa. Ntchito ya chitukuko sikadaima kudikira kuti mliri uthe, choncho maofesi a boma, mabungwe ndi makampani adayamba kukumana kudzera pa Zoom, Microsoft Teams ndi Google Meet. Mliri udazilala koma chizolowezicho chidakhazikika, pakuti n'chosaboola m'thumba: zokambirana zimene kale zinkafuna galimoto, mafuta ndi malo ogona ku Lilongwe, lero zimatheka munthu ali pa Thyolo pomwe pano.

Kwa anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Kapichi, izi zikutanthauza kuti wapampando wa komiti ya ADC, mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi, mlangizi wa zaumoyo kapena khansala angathe kuitanidwa ku maphunziro kapena ku zokambirana popanda kukwera basi. Kuipa kwake n'kwakuti msonkhano wotere sudikira munthu. Woimira dera akalephera kulowa, anzake amapitiriza, mlembi amalemba kuti sadabwere, ndipo nkhani ya mlatho wokokoloka kapena mjigo wowonongeka imene adatumidwa kukatula imagona kufikira msonkhano wina. Walira mvula walira matope.

Kawirikawiri chimene chimalepheretsa msonkhano si kuwonongeka kwa makina. Ndi tizinthu ting'onoting'ono tokonzeka m'mphindi zisanu ngati munthu akudziwa poyambira. Vuto lokhalo limene limatenga masabata kapena kukanika kumene ndi la mawu achinsinsi, amene ambiri amawatchula kuti pasiwedi, makamaka pamene mawuwo akudziwa ndi munthu mmodzi yekha ndipo munthuyo wachoka.

Miyendo inayi ya msonkhano

Msonkhano wa pa intaneti umaima pa zinthu zinayi monga mpando umaimira pa miyendo inayi: magetsi, netiweki, chipangizo ndi akaunti. Mwendo umodzi ukathyoka mpando wonse umagwa, koma wokonza amafunika adziwe mwendo umene wathyokawo. Nzeru ndi kufufuza motsata ndondomeko yomweyi, kuyambira pa magetsi n'kumalizira pa akaunti. Anthu ambiri amayambira kumapeto. Akaona kuti sakutha kulowa amathamangira kusintha pasiwedi, chikhalirecho vuto linali bandulo imene yatha, ndipo potero amadzipangira vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Za magetsi sizifuna kufotokoza kwambiri kwa munthu wa kuno. Mu January 2022 namondwe Ana adawononga damu la pa Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudapitirira kwa chaka ndi miyezi. Amene amadalira sola nawonso amadziwa kuti chiperoni chikakuta kwa masiku atatu, batire silidzaza. Choncho foni ndi laputopu zimayenera kutchajidwa dzulo lake, osati m'mawa wa tsiku la msonkhano. Chinthu chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi: magetsi akazima, laputopu imapitiriza kuyaka chifukwa ili ndi batire lake, koma rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'chipindamo, imazima nthawi yomweyo. Munthu amaona laputopu ikuyaka n'kumaganiza kuti akaunti yavuta, pamene chofunika n'kungoyang'ana ngati timagetsi ta pa rauta tikuwala.

Netiweki ndi bandulo

Njira yachidule yoyesera netiweki ndi kutsegula tsamba lina lililonse la pa intaneti. Likatseguka, vuto lili kwina. Kutumiza uthenga pa WhatsApp si umboni wokwanira, chifukwa makampani a Airtel ndi TNM amagulitsanso mabandulo a masamba a mchezo okha. Munthu amene wagula bandulo yotere amatha kulandira linki ya msonkhano pa WhatsApp bwinobwino, koma akaidina siitseguka. Msonkhano umafuna bandulo ya intaneti yonse.

Kukula kwa bandulo kumayendera kamera. Ola limodzi la msonkhano wa gulu, makamera onse atayatsidwa, lingathe kudya pafupifupi 1GB, pamene ola la mawu okha silifika ndi 100MB yomwe. N'chifukwa chake mawu akayamba kudukaduka, mankhwala oyamba ndi kuzimitsa kamera. Nkhope ya wolankhula ingathe kusowa popanda kuwononga kanthu, koma mawu akasowa msonkhano watha.

Boma la Thyolo ndi la zitunda ndi zigwa, ndipo netiweki imene imagwira bwino pamtunda imatha kuzimiririka munthu akangotsikira kudambo. Pamwamba pa foni pakaoneka chilembo E, ndiye kuti netiwekiyo ndi yofooka moti siingathe kunyamula msonkhano. Pamafunika 4G, kapena ikavuta 3G. Komiti yochenjera imadziwiratu malo amene netiweki imakhazikika, kaya ndi pa sukulu, pa chipatala kapena pa msika wa Khonjeni kapena Luchenza, ndiponso imasunga makadi a makampani onse awiri. Ngati intaneti ikugawidwa kuchokera pa foni ya munthu, mafoni ena onse amayenera kuchotsedwapo, popeza foni ikangopeza Wi-Fi imayamba kudzikokera zinthu yokha mwakachetechete, n'kumaliza bandulo msonkhano usanafike pakati.

Pamene mawu sakumveka kapena chithunzi sichikuoneka

Munthu akalowa mumsonkhano koma anzake sakumumva, zifukwa zake zimakhala zitatu. Choyamba ndi kachizindikiro ka maikolofoni: kakakhala ndi mzere wodutsa pakati ndiye kuti wadzitsekera yekha pakamwa, ndipo amangofunika kudina pamene palembedwa Unmute. Chachiwiri n'chakuti pa Zoom kulowa mumsonkhano n'kosiyana ndi kulumikiza mawu. Pamafunika kudinanso Join Audio n'kusankha kuti mawu adzere pa intaneti. Chachitatu ndi chilolezo. Tsiku loyamba kutsegula pulogalamuyo foni imafunsa ngati ikuloledwa kugwiritsa ntchito maikolofoni ndi kamera, ndipo amene adayankha kuti ayi tsiku limenelo amakhalabe osamveka kufikira atalowa mu Settings n'kupereka chilolezocho.

Phokoso loliza makutu, kapena mawu obwerezabwereza ngati a m'phanga, amayamba pamene zipangizo ziwiri za m'chipinda chimodzi zalowa mumsonkhano umodzi, zonse zili ndi maikolofoni ndi sipika zoyatsa. China chimatola mawu a chinzake n'kuwabwezera komweko. Lamulo lake ndi lapafupi: chipinda chimodzi, chipangizo chimodzi cha mawu. Ngati anthu khumi asonkhana pa ofesi, amvere pamodzi pa laputopu imodzi, wolankhula azisendera pafupi.

Chithunzi chikakana, poyambira ndi pa kamera penipenipo, chifukwa malaputopu ambiri ali ndi kachitseko kotsekera kamera. Nthawi zina pulogalamu ina imene idatsegulidwa poyamba imakhala itaigwira kamerayo, ndipo kuzimitsa laputopu n'kuiyatsanso kumaimasula. Ngati chithunzi chikukana kupita pa kanema wamkulu wa pakhoma, nthambo ya HDMI imayenera kulowetsedwa bwino mbali zonse, kenako n'kusankha pa rimoti khomo lomwelo limene nthamboyo yalowa. Wolankhula akakhala chofulatira zenera amaoneka ngati chithunzithunzi chakuda, choncho ayang'ane kumene kukuchokera kuwala.

Pali zinthu zina zitatu zimene sizibwera msanga m'maganizo. Laputopu yakale imatha kutaya deti ndi nthawi, n'kubwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo zikatero masamba otetezedwa amaikana; kukonza deti kumathetsa vutolo pomwepo. Pulogalamu imene yakhala miyezi yambiri osakonzedwanso imakanizidwa kulowa mpaka itakokedwa yatsopano, ntchito imene imadya nthawi ndi bandulo. Komanso misonkhano ya pa maakaunti aulere ili ndi malire: pa Zoom imaduka pakatha mphindi 40, pa Google Meet ndi Microsoft Teams ya gulu imaduka pakatha ola limodzi. Msonkhano ukaduka chomwecho palibe chimene chawonongeka, ndipo onse amangoloweranso.

Nthawi yolembedwa pa kalata yoitanira imafunanso kusamala ngati oitanawo ali kunja. Johannesburg ndi Lusaka zimayendera nthawi yofanana ndi ya kuno, Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi, pamene London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March kufika kumapeto kwa October, ndi maola awiri m'miyezi yotsalayo.

Makiyi anayi osiyana

Chisokonezo chachikulu pa nkhani ya pasiwedi chimabwera chifukwa dzina limodzi likuimira zinthu zinayi zosiyana, monga mmene pa sukulu pamakhalira kiyi wa pageti, wa kalasi, wa ofesi ya mphunzitsi wamkulu ndi wa kabati ya mayeso.

Kiyi woyamba ndi wa msonkhano wa tsikulo. Amabwera m'kalata yoitanira: linki, nambala ya msonkhano, ndi mawu achinsinsi aafupi. Kiyi ameneyu mwini wake ndi woitanitsa msonkhano. Woitanidwa sangathe kumusintha, ndipo akakana, njira yokhayo ndi kuimbira foni amene adaitanitsayo. Kawirikawiri zimapezeka kuti munthu watsegula linki ya msonkhano wa mwezi watha. Uthenga wonena kuti adikire mwini msonkhano amulowetse si vuto ayi. Ndiye kuti wafika pakhomo ndipo akuyembekezera kutsegulidwa. Kulemba dzina lenileni ndi udindo, osati dzina la mtundu wa foni, kumathandiza wotsegulayo kumuzindikira msanga.

Kiyi wachiwiri ndi wa akaunti, ndiye kuti imelo ndi pasiwedi zimene ofesi kapena komiti imalowera pofuna kuitanitsa misonkhano yakeyake. Wachitatu ndi wa Wi-Fi, amene nthawi zambiri amalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta. Wachinayi ndi wa woyang'anira makina. M'zipinda za misonkhano za maofesi akuluakulu mumakhala makina apadera a makampani monga Cisco, Poly, Logitech ndi Yealink, okhala ndi kamera, maikolofoni ya patebulo ndi kachipangizo kowongolera. Makina otere, ngakhalenso rauta, ali ndi pasiwedi yawo yotsegulira mbali imene amasinthira kagwiridwe kake ka ntchito.

Kulemba kiyi wolondola pa khomo lolakwika ndi kumene kumatayitsa anthu nthawi. Kulakwitsa kwina ndi kwa zala chabe: chilembo chachikulu m'malo mwa chaching'ono, chilembo O m'malo mwa nambala 0, chilembo l m'malo mwa nambala 1, kapena mpata umene foni yawonjezera yokha kumapeto. Kudina kachizindikiro ka diso kumaonetsa zimene zalembedwa. Kuyesa mobwerezabwereza mongoganizira n'koopsa, chifukwa makina akaona kulakwitsa kambiri amatseka akauntiyo kwa kanthawi poganiza kuti ndi wakuba. Munthu akalephera kawiri, ndi bwino aime.

Kubwezeretsa pasiwedi ya akaunti

Kampani imene imayendetsa akaunti siidziwa nkhope ya munthu. Imazindikira mwini wake makamaka pa zinthu ziwiri: imelo imene idalembetsedwa ndi nambala ya foni imene idaperekedwa tsiku lotsegula. Pasiwedi ikaiwalika, munthu amadina mawu akuti Forgot password pa tsamba lolowera, amalemba imelo ya akauntiyo, ndipo kampani imatumiza linki kapena nambala ku imeloyo kapena ku foniyo. Uthengawo ukachedwa, umapezeka m'chikwatu cha Spam. Linki yake siikhalitsa, choncho imafunika kutsegulidwa msanga, ndipo ngati munthu wapempha kangapo, yogwira ntchito ndi yomaliza. Akatha kulemba pasiwedi yatsopano, amayenera kulowanso pa zipangizo zonse zimene zinkagwiritsa ntchito yakaleyo.

Maakaunti a ofesi za boma ndi a makampani akuluakulu amayenda mosiyanako. Woyang'anira makompyuta wa bungwelo ndi amene ali ndi mphamvu yopereka pasiwedi yongoyembekezera, imene mwini akaunti amaisintha akangolowa. Wogwira ntchito ku khonsolo amene akaunti yake yatsekeka sapindula kanthu pokafunsa mnyamata wokonza mafoni pa msika. Njira yake ndi ofesi yoona za makompyuta.

Ndondomekoyi ndi yapafupi malinga imelo ndi nambala ya foni zili m'manja mwa komiti. Apa ndi pamene makomiti ambiri amagwa. Akaunti imatsegulidwa mwachangu ndi wachinyamata wodziwa foni, pa imelo yake ndi nambala yake. Pakapita chaka mnyamatayo amapita ku Johannesburg kukasaka ganyu, kapena mlangizi amene adathandizayo amasamutsidwira boma lina, kapena komiti yatsopano imasankhidwa pali kusamvana. Linki yobwezeretsera imapita kwa munthu amene sakupezeka.

Nambala ya foni nayo ili ndi msampha wake. Kuyambira 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo khadi likatayika amene angakalibwezeretse ndi yemwe adalilembetsa, atanyamula chiphaso chake cha unzika. Khadi limene lakhala nthawi yaitali osagwira ntchito limatsekedwa, ndipo nambalayo imatha kuperekedwa kwa munthu wina. Kampani ya Google nayonso idalengeza kuti kuyambira December 2023 ingathe kufufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa. Zikafika pamenepa komiti imayambiranso pachiyambi: imelo yatsopano, akaunti yatsopano, ndi kudziwitsa mabungwe onse amene ankailembera. Makalata akale, malipoti ndi zithunzi za ntchito zimapita pamodzi ndi akauntiyo.

Kabowo kolembedwa Reset

Kumbuyo kwa rauta ndi kwa makina ambiri a misonkhano kuli kabowo kakang'ono kolembedwa Reset. Kukadina ndi kawaya kwa masekondi angapo kumabwezera makinawo mmene adachokera ku fakitale. N'zoona kuti pasiwedi yoiwalika imafufutika, koma pamodzi nayo pamafufutikanso zonse zimene katswiri adaikamo: dzina la Wi-Fi, manambala olumikizira makinawo ku intaneti, ndi mgwirizano wake ndi akaunti ya ofesi. Zili ngati kugwetsa nyumba chifukwa kiyi watayika. Makina amene ankangofuna pasiwedi amasanduka ofuna katswiri wochokera ku Blantyre, pamodzi ndi ndalama ya ulendo wake.

Kuzimitsa makina n'kuwayatsanso pakapita mphindi imodzi n'kosiyana kotheratu ndi kudina kabowoko. Kuzimitsa sikufufuta kanthu, aliyense angathe kuchita, ndipo kumathetsa mavuto ambiri. Kabowoko ndi ka woyang'anira makompyuta yekha, ndipo nayenso amayamba walemba kapena kujambula mmene zinthu zidaikidwira. Safunsa adadya phula.

Makina akabwezeretsedwa kapena akakhala atsopano, pasiwedi ya ku fakitale imayenera kusinthidwa tsiku lomwelo. Mapasiwedi oterewa, monga admin kapena 1234, amalembedwa m'mabuku a malangizo amene aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti. Rauta imene idasiyidwa choncho imadyetsa bandulo ya komiti kwa aliyense wokhala pafupi. Makina a misonkhano amene adasiyidwa choncho ndi oopsa koposa, chifukwa ali ndi kamera ndi maikolofoni m'chipinda mmene mumakambidwa za ndalama ndi maina a anthu.

Akuba amapempha kiyi

Anthu a kuno akudziwa kale za akathyali amene amaimba foni kudzitcha ogwira ntchito ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kupempha nambala yachinsinsi. Njira yomweyo ndi imene amabera maakaunti. Wakuba amalemba imelo kapena nambala ya komiti pa tsamba lobwezeretsera, kampani imatumiza nambala ku foni ya mlembi, kenako wakubayo amaimba mwaulemu kunena kuti akulembetsa anthu a msonkhano wa mawa ndipo akupempha nambala imene yangofikayo. Mlembi akaitchula, akaunti yapita. Akatero wakubayo amalembera mamembala ndi mabungwe m'dzina la komiti kupempha ndalama. Palibe ofesi ya boma, bungwe kapena kampani imene imafunsa nambala yotere pa foni. Nambala imene yafika munthu asanaipemphe ndi chizindikiro chakuti wina akugogoda pakhomo ndi cholinga choipa.

Linki ya msonkhano nayo si yomwaza m'magulu onse a WhatsApp. M'chaka cha 2020 anthu osaitanidwa ankalowerera misonkhano ya pa Zoom m'maiko ambiri n'kumatukwana kapena kuonetsa zolaula, mpaka mu April chaka chomwecho kampaniyo idakhazikitsa zoti misonkhano ya maakaunti aulere izikhala ndi mawu achinsinsi ndi chipinda chodikirira. Kuno kwathu umboni wakuti makina a boma angathe kusokonezedwa udaoneka mu February 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira ziphaso zoyendera adalowereredwa ndi anthu ofuna dipo. Ntchito yopereka ziphasozo idaima kwa masabata angapo.

Malamulo a dziko akuikira kumbuyo kusamala kumeneku. Lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act likunena kuti kulowa m'makina kapena mu akaunti ya eni popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa ndi ndende. Lamulo la Data Protection Act la 2024 likupereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri ya anthu ena kuti aiteteze. Komiti imene imasunga mndandanda wa maina, manambala a ziphaso ndi manambala a foni a anthu olandira thandizo la Mtukula Pakhomo kapena la ngozi zogwa mwadzidzidzi, ikusunga katundu wa eni wake.

Pasiwedi yolimba imadalira kutalika. Dzina la dera ndi chaka, dzina la mwana, chaka chobadwa kapena 123456 ndi zimene wakuba amayamba kuyesa. Mawu anayi osagwirizana, a Chichewa, Chilomwe kapena Chimang'anja, ophatikizidwa ndi nambala ndi chizindikiro, savuta kukumbukira koma amavuta kuganizira. Mawu monga dengu, njanji, chiperoni ndi nthochi akusonyeza kapangidwe kake chabe. Popeza asindikizidwa muno, sayeneranso kugwiritsidwa ntchito. Akaunti iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake, kuti imodzi ikabedwa zinzake zitsale. Kuwonjezera khomo lachiwiri, loti polowa pazifunikanso nambala yotumizidwa ku foni, kumateteza kwambiri. Pokhazikitsa khomo limeneli kampani imapereka manambala apadera opulumukira foni ikatayika, ndipo manambalawo ndi oyenera kulembedwa papepala n'kusungidwa.

Akaunti ndi katundu wa komiti

Komiti iliyonse imadziwa kusunga chidindo, buku la maminitsi ndi buku la ku banki. Palibe komiti imene imalola munthu mmodzi kusaina yekha ndalama, ndipo palibe msungichuma amene amasamuka ndi buku la ku banki m'thumba. Akaunti ya pa intaneti ndi ya gulu lomwelo la katundu, ndipo malamulo omwewo ndi amene angaiteteze.

Imelo itsegulidwe m'dzina la komiti, osati la munthu. Anthu awiri audindo, monga wapampando ndi mlembi, adziwe pasiwedi, ndipo kusankhidwa kwawo kulembedwe m'maminitsi. Pasiwedi, manambala opulumukira, nambala ya foni yolembetsedwa pa akauntiyo ndi dzina la amene adalembetsa khadilo zilembedwe papepala limodzi, liikidwe mu envulopu yomata yosainidwa pamatapo, n'kutsekeredwa pamodzi ndi chidindo. Kulemba pasiwedi papepala lotsekeredwa si kulakwa. Kulakwa ndi kuimata pa laputopu, kuilemba pa bolodi kapena kuitumiza pa gulu la WhatsApp. Khadi la nambalayo lizigwiritsidwa ntchito mwezi ndi mwezi kuti lisatsekedwe.

Tsiku lopatsirana maudindo ndi lofunika kuposa masiku onse. Wotuluka ndi wolowa akhale pamodzi, atsegule akauntiyo, asinthe pasiwedi, achotse nambala ya wotuluka n'kuika ya wolowa, achotsenso mafoni akale pa mndandanda wa zipangizo zololedwa. Ntchitoyi siitha ndi theka la ola lomwe pamene onse awiri alipo ndipo akumvana. Kusintha pasiwedi munthu akachoka si kumuganizira zoipa, monganso kusintha osainira ku banki sikutanthauza kuti wakale anali wakuba.

Dzulo lake la msonkhano

Zambiri mwa zimene zafotokozedwazi zimapeweka poyeserera dzulo lake. Mlembi atsegule pulogalamu, aone ngati ikufuna kukonzedwanso, ayese maikolofoni ndi kamera, aone kuchuluka kwa bandulo ndi tsiku limene ithere, ndipo alembe papepala nambala ya msonkhano, mawu ake achinsinsi ndi nambala ya foni ya woitanitsa. Pa tsikulo alowe kutatsala mphindi 15. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zikakanikabe, dera lisakhale chete. Mfundo zimene komiti idagwirizana zikhale zitalembedwa kale mwachidule, kuti zitumizidwe kwa woitanitsa pa uthenga wa foni msonkhano uli mkati, ndi pempho lakuti ziwerengedwe n'kulowa m'maminitsi. Woimira dera angathenso kuimbira mnzake amene walowa bwino kuti amuike pa sipika. Pambuyo pake komiti ipemphe maminitsi, ione ngati mfundo zake zidalembedwa, ndipo idziwitse ofesi yoona za makompyuta ku khonsolo chimene chidavuta.

Anthu a m'midzi amene sagwira laputopu ali nayo mbali yawo. Pa msonkhano wa VDC kapena ADC, pamene akufunsa za ndalama ndi za katundu wa komiti, ali ndi ufulu wofunsanso mafunso atatu: akaunti ya komiti idalembetsedwa m'dzina la yani, ndi anthu angati amene akudziwa pasiwedi yake, ndipo envulopu ikusungidwa kuti. Komiti imene ingayankhe mafunso atatuwa mosadodoma siidzasowa pa zokambirana chifukwa cha kiyi amene adapita ndi munthu.